Tayala Lomwelo, Limu Lina

Pabwalo lathu la mpikisano wa magalimoto ku Sturgeon Bend palibe amene amadya ndi woweruza. Lamulo limeneli silinalembedwe paliponse, koma ndi lokhalo limene anthu onse amalisunga popanda kuwathamangitsa. Woweruzayo ndine, Verna Koskela. Ntchitoyi ndinaiyamba mwamuna wanga atamwalira, ana atapita kale kumizinda ya kummwera, nyumba itangoti zii. Gus Pelkie, mwini bwalo, ankafuna munthu wosaopa kutukwanidwa, ndipo m'tauni yathu aliyense ankadziwa kuti pakamwa panga sipachedwa.

Chaka choyamba akazi a oyendetsa magalimoto ankandiitanabe kumaukwati ndi kumaubatizo. Kenako ndinalanga mwamuna wa uyu, ndinalanda chikho mlamu wa uyo, ndinathamangitsa pabwalo mwana wa abusa chifukwa cha injini yophwanya malamulo. Posakhalitsa, ndikalowa m'golosale anthu ankayamba kuwerenga zolemba pazitini za nyemba mwachidwi chodabwitsa. Sindinong'oneza bondo pa chigamulo chilichonse. Koma ndinganame nditanena kuti sizipweteka. Zimapweteka ndithu, makamaka m'miyezi ya chipale chofewa, bwalo litatsekedwa, foni ikatha sabata yonse osalira.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sankasunga lamulo losadya ndi ine: Orrin Tervo. Tinkakhala desiki imodzi kupulayimale. Iye sanakwatirepo. Anadwazika mayi ake mpaka atamwalira, kenako anatsala ndi galimoto yake yobiriwira ya nambala 38 ndi galu wokalamba, amene nayenso anafa. Oyendetsa ena amabwera ndi chigulu cha owathandiza, azilamu, azisuweni, anzawo a kuntchito. Orrin ankabwera yekha, kukweza jeke yekha, kudzimangira malamba yekha. Pampikisano ankamalizira pakati, malo amene wolengeza pachimkuzamawu savutika n'kutchula dzina la munthu.

Lamlungu lililonse masana, mayeso a liwiro atatha koma mpikisano weniweni usanayambe, ankabwera kupikapu yanga, n'kutsitsa chitseko chakumbuyo, n'kukhala. Iye ankabweretsa mapasti awiri, zitumbuwa zathu zija za nyama ndi mbatata, ine khofi m'fulasiki. Sitinkalankhula zambiri. Bondo lake lovuta, denga langa lodontha, nkhuni za nyengo yozizira, basi. Nthawi zina tinkangokhala chete, tikuyang'ana anthu akuthamangathamanga ndi masipanala.

Chilimwe chonsecho ndinkakonzekera kumuuza mawu ochepa chabe: kuti bwalo likatsekedwa azibwera kunyumba kwanga Lamlungu, tizidyera patebulo ngati anthu. Mayi ngati ine, wotha kukalipira amuna makumi awiri nthawi imodzi, mawu amenewa ankandikanika. Sabata iliyonse ndinkati sabata yamawa. Ndiye linafika Lamlungu lomaliza la chaka, kumapeto kwa Seputembala, masamba atafiira kale, mphepo yochokera kunyanja ikuluma makutu. Ndinadzuka nditatsimikiza mtima kuti lero ndiye lero, chifukwa sabata yamawa panalibenso.

M'mawa galimoto iliyonse imalowa m'bwalo yokha, imazungulira mwaliwiro, ife n'kuona amene wathamanga kwambiri. Ameneyo amayambira kutsogolo, mbali ya mkati. Wachiwiri pambali pake, kunja. Wachitatu kumbuyo kwa woyamba, wachinayi kumbuyo kwa wachiwiri, awiriawiri choncho mpaka kumchira. Bwalo lathu ndi laling'ono ndiponso lopanikiza, moti woyambira kumchira amathera tsiku lonse akununkhiza utsi wa anzake. Galimoto ikangotuluka pamayesowo, ine ndimadinda matayala ake onse anayi ndi utoto wachikasu. Lamulo limati galimoto iyambe mpikisano ndi matayala omwe yayesera liwiro, ndipo wosintha tayala, kaya pa chifukwa chanji, apite kumchira. Linaikidwa kuti anthu asamavale matayala ofewa m'mawa n'kuwavula masana.

M'mawa umenewo phula linali lozizira, ndipo amagazi otentha onse ankaterereka pakona ngati ana pamadzi oundana. Orrin, amene amayendetsa ngati wanyamula mazira, sanaterereke. Wolengeza anatsokomola kaye, n'kufunsanso kwa owerenga liwiro, kenako anafuula kuti nambala 38 yaposa onse. Anthu ochepa amene anali atafika kale pamabenchi anafunsana kuti nambala 38 ndi ndani. Zaka zonse zimene Orrin wakhala akuthamanga, anali asanayambirepo kutsogolo. Wachiwiri anali Curt Beaudoin, bambo wa ndevu zofiira ndi mawu aakulu, amene mu Julayi ndinamubwezera kumchira tayala lake litabayidwa ndi msomali.

Podinda matayala a Orrin sindinamwetulire, chifukwa woweruza samwetulira. Koma ndinadinda mopupuluma, moti chidindo cha tayala lakumbuyo kumanja chinakhala chopendekeka.

Masana anabwera kupikapu monga mwa nthawi zonse, koma pasti wake sanamukhudze n'komwe.

"Wadwala?" ndinamufunsa. "Kapena kutsogolo kwakuchotsera njala?"

"Tayala lakumbuyo kumanja likuphwa."

"Msomali?"

"Ayi, tayala lili bwinobwino. Limu, chitsulo chovekapo tayalacho, ndi limene lang'aluka. Ndagunda dzenje lija lapafupi ndi zimbudzi, limene Gus wakhala akulonjeza kukwirira chiyambire Meyi. Ndathira madzi a sopo, thovu likutulukira pachitsulo, osati palabala." Anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Ndili ndi limu lina m'ngolo. Ndikavula tayala lomwelo n'kuliveka palimu linalo, ndasintha tayala kapena ayi?"

Funso limeneli linali lisanafunsidwepo pabwalo lathu. Pakamwa, tonse tikati kusintha tayala timatanthauza kumasula manati n'kuchotsa chinthu chonsecho, labala ndi chitsulo chomwe. Koma ine sindidinda chitsulo. Ndimadinda labala, chifukwa labala ndi amene amagwira phula, ndipo lamulolo linabwera chifukwa cha labala. Ndinaganiza kaye, ndipo ndikunenetsa kuti ndinaganiza ngati wafunsayo ndi Curt.

"Lamulo limati tayala," ndinamuyankha. "Silitchula limu. Koma tayalalo usalitembenuze kuti mbali yosadyekayo igwire ntchito. Chidindo changa chikhale kunja monga chilili. Ukatero uyambira pamalo ako."

"Ukutsimikiza?"

"Ndinayamba ndakunamizapo? Idya pasti wakoyo, wazizira."

Anadya mothamanga, nyenyeswa zikugwera pamaovolosi, nkhope ili ngwee. Mawu anga aja anafika pakhosi, ndinaika kapu pansi kuti ndiyambe, koma iye anali atadzuka kale. Kuvula tayala palimu uli wekha si masewera, ndipo nthawi inali itamuthera. Atachoka m'pamene ndinaona mkazi wa Curt ali pamzere wogula masoseji, maso ali pa ife. Funso ngati limenelo limafunsidwa kushedi ya woweruza, anthu akumva. Koma mkaziyo anaona mitu iwiri itagundana kuseri kwa pikapu, anthu akunong'onezana.

Magalimoto atayamba kukankhidwira pamzere, nambala 38 inali ndi malimu atatu oyera ndi limodzi lakuda bii. Sizinkafunika magalasi kuti munthu aone.

"Mayi Koskela!" anakuwa Curt. "Tabwerani mudzaone zodabwitsa! Galimoto yavala nsapato zosiyana!"

Ndinapita pang'onopang'ono, chifukwa woweruza akathamanga anthu amati waopa. Pofika, oyendetsa onse ndi owathandiza anali atazungulira kale. Orrin anali atagwada pafupi ndi tayala lakelo, akumangitsa nati yomaliza.

"Ndaliona," ndinatero. "Limu ndi lina, tayala ndi lomwelo. Chidindo changa ndi icho, chopendekeka monga ndachidindira m'mawa."

"Wamasula manati kapena sanamasule?"

"Wamasula."

"Wachotsa n'kuika china?"

"Waika chitsulo china. Chitsulo sichigwira phula, Curt, pokhapokha munthu aziyendetsa ngati iweyo."

Ena anaseka, ndipo kusekako kunangomuwonjezera moto. Pakamwa pangapa masiku ena ndimayenera kumapasiya kunyumba.

"Ine mu Julayi unali msomali wa pabwalo pano, osati wa kwanga," anatero Curt, akudziguguda pachifuwa. "Ndinakupemphani mpaka kutsala pang'ono kugwada. Munati lamulo ndi lamulo, kumchira. Lero lamulo lija lamera nthambi?"

"Mu Julayi unavala labala watsopano. Uyu sanavale. Kusiyana kwake ndi kumeneko."

"Ayi mayi, kusiyana kwake ndikukudziwa ine. Ine sindibweretsa pasti."

Pamenepo ndiye anthu anafa nako kuseka.

"Wa nyama ya ng'ombe kapena ya nkhumba, Orrin?" anafuula wina kumbuyo. "Tiuze, nafenso tikagule!"

"Ine chaka chamawa ndibweretsa keke," anatero winanso. "Mwina andiyambitsa dzulo lake!"

"Alamu, ukwati liti? Tiuzeni msanga tichape masuti!"

Orrin sanadzutse mutu. Makutu ake anali psuu, sipanala ili m'manja, akumangabe nati imene inali itamangika kale. Munthu amene anakhala moyo wake wonse osatchulidwa, dzina lake tsopano linali pakamwa pa aliyense, ndipo linafika pamenepo moipa chonchi. Ndinamumvera chisoni, kenako chisonicho chinasanduka ukali.

"Amene ali ndi dandaulo lenileni anene pompano," ndinatero. "Amene ali ndi nthabwala akazinenere kumowa. Nambala 38 iyambira kutsogolo. Ndagamula."

Anabalalika akung'ung'udza. Ndisanafike n'kushedi komwe, Gus anandigwira mkono n'kundikokera kuseri kwake. Gus ndi munthu wabwino ngati palibe chimene chavuta. Zikavuta amafunafuna amene angamutaye mosavuta.

"Verna, tamvera. Ndi tsiku lomaliza ili. Mbwezere kumchira, anthu akhale chete, tonse tipite kwathu mwamtendere."

"Pa mlandu wanji?"

"Mlandu upeza iweyo, si ndiwe woweruza?"

"Dzenje lako ndi limene lang'alula limu lake. Ndikubwezere iweyo kumchira?"

"Usandiyambe ine. Taona, Curt akakwiya amachoka ndi magalimoto a abale ake onse, chaka chamawa azikathamangira kwina. Orrin sangadandaule. Anazolowera kumbuyo."

Mawu amenewo anandipsetsa mtima kuposa nthabwala zonse zija, chifukwa anali oona. Orrin sakanadandaula. Akanangokweza mapewa n'kukankhira galimoto yake kumchira. Anthu akanati mayi uja ndi wouma mtima, walanga ngakhale mnzake wodya naye, ndipo miseche ikanathera pomwepo. Njira yosavuta inali imeneyo, ndinkaiona bwinobwino. Koma ndikanamulanda malo ake popanda mlandu, ndikanamuyang'ana bwanji ali patebulo langa akudya zimene ndaphika?

"Ukafuna woweruza wina, Gus, umupeze mawa," ndinatero. "Lero ndine."

Ndili m'shedi ndikutsuka chidindo, ndinamva kugogoda pachitseko chimene chinali chotsegula kale. Anali Orrin, chipewa m'manja. Kumbuyo kwake, pafupi ndi mpope, oyendetsa awiri ankasamba m'manja kwa nthawi yaitali modabwitsa.

"Mayi Koskela," anatero. Chibadwire anali asanandiitanepo choncho.

"Mayi Koskela ndi apongozi anga, ali kumanda. Ukufuna chiyani?"

"Ndibwezereni kumchira."

"Walakwa chiyani?"

"Palibe. Koma mwamva zimene akunena."

"Ndamva. Akhala akundinena zaka zonsezi, sindinafe."

"Inu munazolowera. Ine sindinazolowere."

"Orrin, malo amenewo wawapeza ndi phazi lako m'mawa uno, anthu akuona. Palibe amene wakupatsa. Ndilibe lamulo lolangira munthu chifukwa anzake amuseka."

Anaima kanthawi akupotokola chipewa chija. "Nanga munthu akasiya yekha malo ake?"

Ndinalakalaka kumunamiza kuti n'zoletsedwa. Koma anafunsa woweruza, m'shedi ya woweruza, anthu akumva, monga mmene zimayenera kukhalira.

"Palibe chomuletsa," ndinatero. "Koma usachite zimenezo."

Ndikanatha kuwonjezera kuti ukatero wanditaya ine, anthu aziti mayi uja anakonderadi. Koma awiri aja kumpope anali atatchera khutu, ndipo ine kupempha sindikudziwa. Orrin anati zikomo, n'kuvala chipewa, n'kumapita.

Ndinakwera pansanja ndi wailesi yanga ya m'manja. Mabenchi anali atadzaza, anthu atafunda mabulangete, ana atavala zotseka m'makutu. Mpikisano usanayambe magalimoto amazungulira kaye pang'onopang'ono awiriawiri, kutenthetsa matayala. Ulendo woyamba ndinaona galimoto yobiriwira ija ili patsogolo penipeni, dzuwa likuwala pagalasi lake, njira yonse ili mbee kutsogolo kwake. Ndinasangalala, ndinene zoona. Ndinasangalala ngati ndikuyendetsa ndine, ndipo ndinaganiza kuti mwina wasintha maganizo.

Ulendo wachiwiri, atafika mbali ya kutsidya, anatulutsa dzanja pawindo, n'kupatukira m'mphepete mwa udzu. Anaima pamenepo mpaka magalimoto onse atamudutsa, kenako analowa kumbuyo kwa yomaliza.

Anthu pamabenchi anayang'anana. Kenako wolengeza anadzidzimuka. "Mwaziona zimenezo, abale anga? Nambala 38 yasiya yokha malo oyamba! Orrin Tervo! Ameneyo ndiye mwamuna! Chilungamo chikadalipo ku Sturgeon Bend!"

Anthu anaimirira, mabulangete akugwa pansi. Anaomba m'manja, anaimba malikhweru, ena akuponda mabenchi ndi nsapato. Pazaka zonse zimene ndakhala pansanjapo sindinamvepo phokoso lotere, ngakhale kwa wopambana. Kenako, mmodzimmodzi, anayamba kucheuka kuyang'ana kumwamba kumene ndinaima. Bambo wina anandiloza ndi soseji imene ankadya. Mayi wina amene tinkaimba naye kwaya kale anagwedeza mutu n'kunong'oneza mnzake. Iwo nkhani anali ataimaliza: ngati Orrin wabweza malowo, ndiye kuti sanali ake, ndipo amene anamupatsa ndi ine.

Wailesi inalira. Anali wogwetsa mbendera. "Woweruza, malo oyamba atenga ndani? Curt wayamba kale kusendera mkati."

"Muuze abwerere kunja," ndinatero. "Malo akatsala opanda munthu, mzere wake ndi umene umasendera kutsogolo. Wachitatu apite pamalo oyamba, a mzere wamkati onse amutsatire. Mzere wakunja usasunthe."

"Curt akwiyatu."

"Akwiye. Akakhala bwino pamizere, gwetsa mbendera."

Mawu anga sananjenjemere, ndipo ndimanyadira zimenezo. Curt anabwerera kunja, n'kutulutsa dzanja pawindo podutsa pansi pansanja, kundionetsa chala chimene sindingachitchule. Mbendera yobiriwira inagwa, injini zonse zinabangula pamodzi.

Woweruza amayenera kuyang'ana paliponse, makamaka kutsogolo kumene anthu amakankhana. Maso anga ankangothawira kumchira. Tayala lija linagwira bwinobwino, limu lakuda likuzungulira mofanana ndi oyera aja. Orrin anayamba kudutsa anzake mmodzimmodzi, ndipo ndinaona chinthu chimene sichichitika pabwalo lathu: amuna amene salola ngakhale mayi awo kuwadutsa ankamusiyira njira. Wolengeza ankamutchula dzina ulendo uliwonse. Anamalizira pakati, pamalo ake a masiku onse. Amene anapambana ndi uja anali wachitatu, Curt n'kukhala wachiwiri. Ndikunenetsa, Orrin akanayambira kutsogolo tsiku limenelo, palibe akanamugwira.

Mpikisano ukatha, magalimoto atatu oyambirira amabwera kusikelo kuti ndiwayeze kulemera. Dzuwa linali litapendeka, mphepo itawonjeza ukali. Ndili kusikeloko ndinkaona ngolo ya Orrin chapatali. Panali chigulu. Amuna awiri ankamukwezera jeke m'ngolo, wina akumupindira malamba. Mkazi wa Curt anamupatsa mbale yodzaza nyama yowotcha, Curt mwiniwake n'kumutsegulira botolo la mowa, akumumenya pamsana. Orrin ankaseka kukamwa kuli yasa, ndipo m'pamene ndinaona kuti chakumbali alibe dzino limodzi. Zaka zonsezi ndikudya naye sindinadziwe, chifukwa anali asanasekepo chotero.

Patapita kanthawi anandiona. Anaika mbale ija pansi n'kubwera akutsimphina, botolo lili m'manja.

"Verna! Wamva m'manja muja?"

"Ndamva. Makutu anga akugwira."

"Bwalo lonse, Verna. Anaimirira onse. Ngakhale Curt wandigwira chanza. Akuti mu Novembala ndipite nawo kumsasa wawo wosaka agwape. Ineyo! Akuti malo ogona alipo."

"Mfuti uli nayo iwe?"

"Andibwereka. Akuti ngakhale ndisaphe kanthu, ndiziwaphikira khofi."

Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati akudziwa chimene wandichita. Sankadziwa. Anali wosangalala basi, wosangalala ngati mwana amene amulola kusewera nawo mpira. Ndinafunitsitsa kumukwiyira, ine amene kukwiya sikundivuta, koma ndinalephera. Kukhala wekha ndimakudziwa bwino, ndipo ndimadziwa mmene mbale ya nyama yochokera kwa anthu imakomera.

"Zabwinotu zimenezo," ndinatero. "Ukavale masokosi awiriawiri, kumeneko kumazizira."

Anagwedeza mutu, n'kuyamba kukanda pepala la pabotolo ndi chikhadabo. "Komatu ndimaganiza, Verna. Chaka chamawa mwina tisamadyere limodzi kupikapu kuja. Anthu amayankhula. Zingakuthandizenso iweyo pantchito yakoyi."

"Zingandithandize," ndinavomera.

Ndikanangosiyira pomwepo, koma sabata yamawa panalibe. Ndinayang'ana sikelo, osati iyeyo.

"Nanga kunyumba kwanga? Lamlungu, bwalo likatsekedwa. Ndiziphika ineyo. Kumeneko kulibe mabenchi a owonera."

Mawu amene ndinawasunga chilimwe chonse anatuluka mouma, ngati ndikulengeza chilango. Orrin anayang'ana pansi, kenako anacheukira kungolo yake kumene anthu aja ankaseka, kenako pansinso. Ndinayamba kuyembekezera kuti avomera.

"Tauni yathu ndi yaing'ono, Verna," anatero motsitsa mawu. "Pikapu yanga aliyense amaidziwa, ikaima pakhomo pako aiona."

"Orrin!" anakuwa Curt ali uko. "Bambo Chilungamo! Nyama ikuzizira kuno!"

Orrin anagwira chipewa chake kunditsanzika, n'kutembenuka. Poyamba ankayenda pang'onopang'ono, koma atafika pakati anafulumira, akukoka bondo lake lovutalo.

Magalimoto atatu aja anali akundidikirabe, eni ake akupondaponda pansi chifukwa cha kuzizira. Ndinapukuta m'maso n'kunena kuti ndi mphepo, ngakhale panalibe amene anafunsa. Kenako ndinakodola yoyamba kuti ikwere pasikelo.